Kope la ngongole la pagolosale yathu ku Mangochi

"Thamanga pagolosale, ukawauze kuti alembe." Mayi ankanena mawu amenewa ali chowerama pamoto, osacheuka n'komwe, ndipo ine ndinkadziwiratu kuti ndikutumidwa wopanda ndalama m'manja. Ndinkatenga kabotolo ka parafini n'kuliyatsa liwiro mumchenga. Amene anakulira ku Mangochi akudziwa mmene mchenga wa mu Okutobala umaotchera kumapazi. Unkathamanga kuchoka pamthunzi wa mtengo wa mango kukaima pamthunzi wa mgwalangwa, kupuma pang'ono, kenako kuthamanganso mpaka kukafika pakhonde la golosale pomwe simenti inali yozizira.

Tinkakhala kunja kwa Boma pang'ono, cha ku Mpondasi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Sikunali kumudzi kwenikweni komanso sikunali m'tauni. Nyumba za malata zinasakanikirana ndi za udzu, ndipo mphunzitsi, msodzi, kalaliki wa kwa DC ndi mayi wogulitsa usipa ankatunga madzi pamalo amodzi. Ife tinali Akhristu, anansi athu ambiri anali Asilamu, ndipo ana tonse tinkasewera mpira wachikulunga tikusakaniza Chichewa ndi Chiyao osadziwa kuti tasintha chiyankhulo. Pakati pa zonsezi panali golosale imodzi, maokala atatu, chigayo ndi tiyirumu.

Kwa zaka zambiri ndinkaikumbukira golosale ija chifukwa cha fungo lake: sopo wa Sunlight, parafini, buledi wofika m'mawa ndi masamba a Chombe, zonse pamodzi m'kachipinda kamdima. Ndinkakumbukira botolo lalikulu la maswiti pakauntala, sikelo yachitsulo ndi miyala yake, mabotolo a Fanta ndi Coco-pina m'filiji yoyendera parafini. Koma nditakula ndi kuyamba kudzigulira ndekha shuga, ndinazindikira kuti chinthu chofunika kwambiri m'golosale ija sichinali pashelefu. Chinali pansi pa kauntala: kope la sukulu lakuda ndi thukuta, lomangiriridwa bolopeni ndi chingwe. Mabanja ambiri a m'dera lathu ankadya kuchokera m'kope limenelo theka la mwezi uliwonse. Mmene linkagwirira ntchito, ndi chimene chinadzalifooketsa, ndi nkhani yomwe ana a masiku ano, ogula ndi foni, sangaimvetse popanda wina kuwafotokozera.

Choyamba munthu adziwe kuti malonda si achilendo ku Mangochi. Kalekale Azungu asanabwere, Ayao anali amalonda oyenda maulendo ataliatali kuchoka kunyanja kuno kukafika kugombe la nyanja ya mchere, kumatenga minyanga ya njovu ndi akapolo, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Chisilamu chinabwera m'njira zomwezo. M'chaka cha 1891 Angerezi anamanga linga lawo pafupi ndi mudzi wa Mfumu Mponda kuti atseke njira ya akapolo yowolokera pa Shire, n'kulitcha Fort Johnston, dzina la Harry Johnston. Tauni inakula ngati doko la sitima zapanyanja, ndipo chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria chimene chili pafupi ndi mlatho ndi chotsalira cha nthawi imeneyo. Pambuyo pake panabwera masitolo a Mandala ndi a Amwenye, ndipo kwa zaka zambiri munthu akafuna nsalu, khasu kapena mchere ankapita kwa Mmwenye.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti Amwenye achoke m'madera akumidzi akachitire malonda awo m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Cholinga chinali chakuti Amalawi atenge malondawo. Masitolo ambiri anagulidwa ndi anthu akomweko, ena anayenda bwino, ena anagwa pasanathe zaka ziwiri chifukwa eni ake atsopano analibe mpamba wokwanira ngakhale kodziwana ndi ogulitsa katundu wambiri. Apa ndi pomwe Chipiku inakhala yofunika, chifukwa inali ndi malo ooderako katundu m'maboma. PTC inali ya anthu a malipiro, malo olowa utasamba, ndipo chimanga tinkagula ku ADMARC. Koma zinthu za tsiku ndi tsiku, zofunika madzulo ano, zinali m'manja mwa anthu ngati bambo a pagolosale yathu, omwe anali m'gulu la Amalawi amene analowa m'malonda nthawi imeneyo n'kupirira.

Kawiri pamlungu ankakwera njinga kupita ku Boma kukaoda. Ankabwerako atamanga makatoni a sopo, bele la shuga ndi chigubu cha mafuta ophikira pakaliyala, iwo akukankha njingayo chifukwa inali itaposa yokwera. Ife ana tinkawathamangira kukathandiza kukankha, podziwa kuti pamapeto pake pagwa switi imodziimodzi.

Katundu akafika, ntchito yeniyeni inkayamba, ntchito yoduladula. Golosale yaing'ono imakhalira kugawa chinthu chachikulu kukhala tizinthu tating'ono toti wosauka akwanitse. Sopo wamtali ankamudula zidutswa ndi mpeni. Shuga ankamuyeza pasupuni n'kumukulunga m'pepala la nyuzipepala lopindidwa ngati nyanga. Mafuta ankayeza ndi kachitsekerero, parafini ndi kachitini kokhala ndi mpini wa waya, ndudu ankagulitsa imodziimodzi, ndipo machesi a Leopard ankatha kukugawira timitengo tochepa ngati bokosi lakukanika. Matumba apulasitiki atachuluka kunabwera mafuta a m'chubu ndi kathumba ka ufa kokwanira nsima ya tsiku limodzi komwe anthu anakatcha wokumani.

Anthu ena amaona ngati kumeneku n'kuba, ndipo n'zoona kuti wogula pang'onopang'ono amalipira zambiri. Tiyerekeze kuti paketi ya shuga waioda pa K100. Ukaigulitsa yathunthu, mwina upezapo K5 kapena K8, chifukwa aliyense akudziwa mtengo wake ku Boma. Ukaigawa timapaketi 12 ta K10, wapeza K20. Mayi amene amagula kapaketi tsiku lililonse, pakutha pa mwezi walipira shuga wodula kuposa wa bwana amene anagula paketi yathunthu ku PTC. Umphawi umadula, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Komabe sindingawaimbe mlandu bambo aja. K20 imeneyo ndi yomwe inkalipira thukuta la panjinga, shuga wotayika poyeza, sopo wodyedwa ndi makoswe, komanso ngongole za anthu omwe sadzabweza. Mayi uja analibe K100 tsiku limenelo. Anali ndi K10, ndipo ana ankafuna phala.

Tsopano za kope. Banja lililonse lodalirika linali ndi tsamba lake. Pamwamba sankalemba dzina la pachitupa ayi, ankalemba dzina limene munthu amadziwika nalo: make uje, aphunzitsi a pansi pa mlambe, Che uje wa bwato. Mwana akabwera ankaima pakauntala, mikono kumbuyo, n'kunena kuti, "Odi! Amayi akuti mundipatse mchere ndi parafini, mulembe." Bambo aja ankayang'ana mwanayo pamwamba pa magalasi, n'kufunsa, "Amako ali bwanji? Abambo ako abwera?" Pamenepo sikunali kupereka moni chabe. Ankamvetsera ngati m'nyumbamo muli matenda, ngati bambo akadali pantchito, ngati bwato linalowa m'madzi usiku wathawu. Akatero ankayeza, n'kulemba, kenako n'kutembenuzira kope kwa mwanayo kuti aone ndi maso ake chimene chalembedwa. Ine ndinaphunzira kuwerenga manambala pakauntala imeneyo ndisanafike Sitandade 2.

Panalibe chikole, panalibe kusaina, ndipo chachikulu kwambiri, panalibe chiwongoladzanja. Bambo aja anali Msilamu wopemphera, ndipo Chisilamu chimaletsa riba, kulandira phindu pa ngongole. Wokongola sopo wa K3 ankabweza K3, kaya patha mlungu kaya patha mwezi. Izi zinali zosiyana kutalitali ndi katapila yemwe analiponso m'dera lathu, komwe wobwereka ndalama ankabweza ndi theka lina pamwamba pakutha pa mwezi, akalephera n'kulandidwa wailesi kapena njinga. Phindu la golosale linali kale mumtengo wa katundu, ndipo kope linkagwira ntchito yomangirira makasitomala. Banja lokhala ndi tsamba silinkagula kwina, ndipo tsiku lolandira ndalama linkayambira pagolosale pomwepo lisanapite kumsika.

Chimene chinkachititsa kuti zimenezi zitheke n'chakuti bambo aja ankadziwa nthawi imene ndalama za munthu aliyense zimabwera, ndipo ku Mangochi nthawizo zinali zosiyanasiyana. Aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi akalaliki ankalandira pakutha pa mwezi, choncho masamba awo ankadzaza kuyambira pakati pa mwezi. Asodzi ankayendera mwezi wa kumwamba. Usipa amaupha usiku ndi nyali, nsombazo zikasonkhana pa kuwala n'kuzizinga ndi chilimira, ndipo mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka nsomba, motero masiku amenewo ndalama zinkasowa m'nyumba za asodzi, za amayi owamba ndi kuyanika nsomba, mpaka za anyamata onyamula madengu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera ikakalipa, mabwato ankakhala pamtunda masiku angapo. Mu Novembala ndi Disembala makoka ena ankaletsedwa kuti chambo chiswane. Alimi ankaoneka ndi ndalama akakolola. Ndiye panali amayi omwe amuna awo anali ku Joni, odikira ndalama zobwera mwa apo ndi apo.

Taonani ubwino wake. Pamene aphunzitsi ali pa ngongole, asodzi amakhala akugula ndi ndalama. Pamene mwezi wawala ndipo asodzi ayamba kulembetsa, mwina malipiro a boma atuluka. Ndalama za gulu lina zinkanyamula ngongole za gulu linzake, ndipo mpamba umodzi waung'ono unkazungulira dera lonse. Bambo aja sanapite patali ndi sukulu, koma kalendala yonseyi inali m'mutu mwawo. Ankadziwa kuti msodzi sumukumbutsa ngongole mwezi uli mbee, umadikira mdima. Ndimakhulupirira kuti akanakhala m'dera la anthu a ntchito imodzi, onse olandira tsiku limodzi, kope lija likanawagwetsa msanga.

Nanga wokana kubweza ankatani naye? Kunalibe khoti. Chida chinali manyazi, ndipo chinali chakuthwa. Mwana wa m'nyumba yomwe ngongole yakula ankabwezedwa ndi mawu ofatsa: "Kawauze amako abwere okha." Mawu amenewa ankamveka kwa onse okhala pakhonde, kwa atelala opalasa makina awo a Singer, kwa madoda osewera bawo, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika pachitsime. Ndinaona mnzanga wina akubwerera ndi kabotolo kopanda kanthu, misozi ili m'maso, ndipo chithunzi chimenecho sichinandichoke. Apa ndi pomwe ndimati tisamakometse zakale mopitirira. Kope linalibe chinsinsi. Golosale inkadziwa nyumba yomwe yagona ndi njala, mwamuna amene wasiya kutumiza ndalama, ndi mayi amene akugula mankhwala a malungo kachitatu mwezi umodzi. Mlendo wongofika kumene, wopanda womuchitira umboni, analibe tsamba ngakhale akanakhala woona mtima chotani. Mayi wamasiye wopanda chodalira ankapatsidwa kamodzi mwachifundo, koma osalembedwa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti sadzatha kubweza.

Banja lathu lili ndi chifukwa chake choyamikira. M'chaka cha 1992, chaka cha chilala chachikulu chija pamene tinadya nsima ya chimanga chachikasu, bambo anga, omwe anali mphunzitsi, anadwala miyezi itatu ndipo malipiro awo anaima. Tsamba lathu linadzaza, linatembenuzidwa, linadzazanso. Tsiku lina mayi anapita okha, atafunda chitenje kumutu, kukanena kuti asiye kutipatsa chifukwa sakudziwa kuti adzabweza liti. Ine ndinawatsatira. Bambo aja anatseka kope n'kunena kuti, "Mayi, aphunzitsi akadzuka tidzakambirana. Ana asagone mumdima." Anatipatsa parafini, mchere ndi sopo mpaka bambo anachira. Ngongoleyo tinaimaliza chaka chotsatira, pang'onopang'ono, ndipo tsiku lomaliza anadula mzere pa tsamba lonse pamaso pa bambo anga, n'kundipatsa ine botolo la Fanta kuti ndimwere pomwepo. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo bambo anga sanagulenso kwina kulikonse mpaka tinasamuka.

Pakhonde paja panali moyo wina wosakhudza ndalama. Wailesi ya golosale inali ya dera lonse, ndipo mauthenga a maliro a pa MBC ankamvedwa anthu ali chete, wina n'kuthamanga kukauza banja lomwe latchulidwa. Makalata ochokera ku Joni ankafikira pomwepo, ndipo ana asukulu tinkaitanidwa kukawerengera agogo. Lachisanu masana chitseko chinkatsekedwa, bambo aja atavala mkanjo woyera kupita kumzikiti, ndipo ngakhale ife Akhristu tinkadziwa kuti mchere wa Lachisanu umagulidwa m'mawa. M'mwezi wa Ramazani malonda ankagona masana onse n'kudzuka dzuwa likapendeka, pamene amayi ankabwera motsatizana kudzagula shuga, mafuta ndi masamba a tiyi okonzera futali. Kope linkanenepa mwezi umenewo, koma Idi isanafike ambiri ankayesetsa kufafaniza masamba awo. Pa Idi ife tinkadya mpunga kwa anansi, pa Khirisimasi iwo ankadya kwathu.

Ndalama zenizenizo zinali ndi mayina awo. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, koma agogo ankanenabe sheleni potanthauza 10 tambala, ndi paundi potanthauza K2. Mwana wotumidwa ankayenera kumasulira yekha pakati pa agogo ndi kauntala. Tambala inali ndalama yogula chinthu. Botolo lopanda kanthu la zakumwa nalonso linali chuma, chifukwa sunkaloledwa kutuluka ndi Fanta osasiya botolo lina, ndipo zitsekerero zake tinkatolera kukapangira matayala a magalimoto a mawaya.

Golosale inalinso kachipatala. Mwana akatentha thupi usiku, anthu ankagogoda pawindo la kuseri, ndipo bambo aja ankadzuka ndi koloboyi kudzapereka Cafemol kapena mapiritsi a malungo. Apa panali vuto lomwe tinalibe nalo chidziwitso: kugula mapiritsi awiri m'malo mwa mlingo wonse kumathandiza tizilombo kuzolowera mankhwala. Chloroquine atasiya kugwira ntchito, dziko la Malawi linasinthira ku Fansidar mu 1993, kenako ku LA mu 2007. Kuduladula kumene kunali kwabwino pa sopo kunali koopsa pa mankhwala.

Chinafooketsa kope n'chiyani? Anthu akamacheza amati ndi mitima, kuti anthu a masiku ano sakhulupirika. Ine sindivomereza kwenikweni. Chimene chinasintha kwambiri ndi mtengo wa zinthu. Ngongole yopanda chiwongoladzanja imatheka pokhapokha ngati ndalama yomwe wabwezeredwa ingagule katundu yemwe unakongoza. M'nthawi ya Kamuzu mitengo ya zinthu zambiri inkaikidwa ndi boma ndipo inkasintha mwapang'onopang'ono, ngakhale kuti kumasula mitengo kunayamba kale m'zaka za m'ma 1980. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti ipeze yokha mphamvu yake pamsika, ndipo inagwa kwambiri. Mitengo inayamba kuthamanga. Zinachitikanso mu 1998, mu 2012, mu Meyi 2022 pamene kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti.

Tiyerekezenso. Wakongoza katundu wa K1,000 pa 5 mwezi uno. Anthu onse akhulupirika, abweza K1,000 yonse pa 30. Koma ukafika kooda wapeza mitengo yakwera ndi 25 peresenti. Ndalama yako ija tsopano ikugula katundu yemwe mwezi watha anali wa K800. Palibe wakubera, koma shelefu yachepa. Zikachitika katatu, golosale yatsala ndi machesi ndi mchere. Mwini golosale amatsala ndi njira zitatu zokha: kuika chiwongoladzanja, chomwe chikhulupiriro ndi chinansi sizilola, kufupikitsa nthawi yobwezera, kapena kutseka kope. Ambiri anasankha ziwiri zomalizazi. Nthawi imeneyo ndi yomwe ndinayamba kuona zikwangwani zolembedwa pa katoni kuti "Ngongole mawa" zitapachikidwa pomwe kale panali kalendala.

Nyanja nayo inasintha. Chambo cha m'nyanja ya Malombe ndi mu Shire wa kumtunda, chomwe chinkadyetsa mabanja ambiri a m'dera lathu, chinachepa kwambiri kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi ndi maukonde a maso ang'onoang'ono okokolola ndi ana omwe. Asodzi anatembenukira ku kambuzi, nsomba yaing'ono ya ndalama zochepa. Mu 1993 kunayambika makomiti a m'madoko oti asodzi eni ake athandize kuteteza nsomba, koma chambo sichinabwerere mmene chinalili. Tsono gulu lija lomwe linkabweretsa ndalama pagolosale pakati pa mwezi linafooka, ndipo kusinthana kwa magulu komwe kunkanyamula kope kunapendekeka.

Anyamata ambiri anaona kuti m'madzi mulibe tsogolo, n'kulowera ku Joni. Ulendowu si watsopano kwathu, makolo ankapita kumigodi kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi TEBA mpaka njira imeneyo inatsekeka mu 1988. Koma a pambuyo pa 1994 ankapita paokha, kukagwira ntchito m'masitolo, m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za anthu. Ndalama zawo zamanga nyumba zambiri za malata zomwe mukuziona ku Mangochi lero, ndipo zatsegula maokala osawerengeka, chifukwa wobwerako aliyense amafuna kusiyira mkazi wake kabizinesi. Pamene panali golosale imodzi pali maokala khumi, onse akugulitsa sopo yemweyo. Zimenezi zinathyola chida chija cha manyazi. Wokhala ndi ngongole apa amangodutsa njira ina n'kukagula apo. Anthunso anachuluka, alendi akulowa ndi kutuluka mwezi uliwonse, ndipo sikuthekanso kuti munthu mmodzi adziwe matenda ndi malipiro a nyumba iliyonse.

Kuyenda kunaphwekanso. Mlatho wakale wopapatiza unalowedwa m'malo ndi wa Bakili Muluzi, makabaza anadzaza misewu, poyamba a njinga zakapalasa kenako zamoto, ndipo kupita ku Boma kukagula paketi yathunthu sikulinso ulendo. Airtel Money, Mpamba ndi Mukuru zinafupikitsa kudikira, moti mayi amene kale ankalembetsa miyezi iwiri podikira munthu wochokera ku Johannesburg, lero amaimba foni m'mawa, masana ndalama zafika. Ofuna ngongole yokulirapo ali ndi banki m'khonde ndi chipereganyu. Zonsezi ndi zabwino, ndipo sindingafune kuti mwana wanga abwezedwe pakauntala pamaso pa anthu monga anachitira mnzanga uja. Koma banki m'khonde imafuna chiwongoladzanja ndi tsiku lake lobwezera, ndipo ngongole ya pafoni siifunsa ngati bambo ako adzuka.

Chaka chatha ndinapitako. Nyumba ya golosale ilipobe, koma aigawa pawiri, mbali ina akugulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama, mbali ina ndi yometera. Bambo aja anamwalira kalekale, ndipo atelala ndi bawo lawo palibenso. Parafini sindinamuone paliponse, anthu akuunikira matochi ndi nyali za sola. Ndinakhala pabenchi ya okala ina chapafupi, ya mayi wachitsikana yemwe mwamuna wake ali ku Cape Town, ndikumwa Sobo wosungunula. Tikucheza, kunabwera kamtsikana kovala yunifolomu, kanaima mikono kumbuyo n'kunena kuti, "Amayi akuti sopo, mulembe."

Mayiyo anasolola kope pansi pa thumba la mchere. Linali laling'ono, lodulidwa pakati. Nditafunsa, anandiuza kuti muli mayina asanu ndi awiri okha, onse a anthu omwe anakula nawo limodzi. Amakongoza mchere, sopo ndi machesi basi. Shuga ndi mafuta ayi, chifukwa mtengo wake sugona. Ndipo aliyense amadziwa kuti tsamba lake lifafanizidwe Lachinayi madzulo, popeza Lachisanu m'mamawa iye amakwera kabaza kupita ku Boma kukaoda.